Dzanja la pa Phewa la Wendell

Corliss Ardoin anafika pakhomo pa apongozi ake dzuwa litangotuluka, n'kuliza hutala kawiri, osatsika m'galimoto. Wina akanatsika, kugogoda, kufunsa mmene adzukira. Koma iyeyu ndi mayi Verlene Prejean anasiya kalekale kufunsana za moyo. Chimene chinawaika m'galimoto imodzi tsiku limenelo n'chakuti mayi Verlene shuga anali atawawononga maso, laisensi anawalanda, ndiye mwana wawo Lemuel, mwamuna wake wa Corliss, anachonderera pa foni ali kundende kuti, "Ukawatenge amayi, chonde. Asakakwere basi okha, akasochera mu likulu muja." Tangoganizani, mkazi wa mkaidi kuthira petulo wake kuti anyamule munthu wokatsekera mwamuna wake chitseko cha ndende!

Mayi Verlene anatuluka atavala chipewa chawo cha Lamlungu, akukhwekhwereza chithabwa chachikulu chokutidwa ndi nsalu ya pabedi.

"Ikani ku buti," anatero Corliss.

"Ku buti kumakhala matayala. Uyu ndi mwana wanga."

Anachiimika pa mpando wakumbuyo, n'kuchimanga lamba, kenako anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo.

Ana a mayi Verlene anali awiri, mimba imodzi koma abambo osiyana, n'chifukwa chake mayina awo sankafanana. Lemuel Ardoin, wamkulu, ali mnyamata analowa pamalo omwetsera mafuta ndi mfuti yobwereka. Palibe amene anavulala, koma woweruza anamupatsa zaka makumi atatu. Apo n'kuti atangokwatirana ndi Corliss, ngakhale makatani a m'nyumba asanagule. Wendell Prejean, wamng'ono, ndiye anali mwana wonyadira naye, dalaivala wa basi ya ana a sukulu, woimba besi m'kwaya, munthu wosadziwa n'kukoma kwa mowa komwe. Zaka zitatu zapitazo anamuwombera pakhonde pa mayi ake dzuwa likuswa mtengo, nkhani yake makiyi a galimoto basi. Womuwomberayo anali atangotuluka kumene kundende nthawi yake isanakwane.

Kuno kumwera kwa Amereka, m'chigawo chathu chino, mkaidi akakhala bwino, osamenya mnzake, n'kumagwira ntchito kapena kuphunzira, boma limamudulira masiku pa chilango chake. Timangoti masiku abwino. Akachuluka, munthu amaloledwa kukaonekera ku bodi, kagulu kamene kamamuyang'ana n'kunena ngati angapite kwawo msanga. Lemuel masiku ake sanawatole pansi. Ankagwira ntchito mu wodi ya akaidi okalamba odikira imfa, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwapukuta zimene ana awo enieni sakanapukuta, kukhala nawo mpaka atsirizike, kenako n'kukathandiza kukhoma bokosi. Anali atakhala zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mu Okutobala, nyengo yodula nzimbe, ankayenera kukaonekera ku bodi. Corliss anali atapenta kale chipinda.

Ndiye kunabwera phungu wina, a Purvis Guidroz, ndi bilu yawo yofuna kusintha lamulo limeneli. Biluyo inkati aliyense amene mlandu wake munali mfuti asamadulidwenso masiku, ndipo amene ali kale m'ndende masiku awo onse afufutidwe. Aphungu a kuno ali ndi kachizolowezi kawo konyansa. Akafuna kuti lamulo lokhwima lidutse popanda wolitsutsa, amalipatsa dzina la munthu wakufa, chifukwa palibe phungu amene angaimirire makamera akumuona n'kukana maliro a mwana wa munthu. A Guidroz anapita kwa mayi Verlene ndi maluwa, anakhala pakhonde lomwelo, anagwetsako misozi, n'kubwerako ndi dzina. Biluyo inakhala Lamulo la Wendell, ndipo tsiku limenelo komiti ya aphungu inkamva maganizo a anthu isanavote.

Corliss ndi apongozi ake anayenda mtunda ndithu pakati pa minda ya nzimbe. Corliss ndiye anayamba kulankhula.

"Mwamwa mankhwala anu?"

"Usandifunse ngati ndiwe namwino. Yang'ana msewu."

"Ndikufunsa kuti musakandikomokere panjira, anthu angati ndakuthirani kanthu."

"Ukanatha ukanathira kale."

Corliss anali atalonjeza Lemuel kuti sakangana nawo, koma lonjezo lake linatha asanafike n'komwe pa mlatho wa mtsinje waukulu.

"Amayi, ndikufunseni komaliza. Biluyo mwaiwerenga?"

"Ndi maso ati? A Guidroz anandiwerengera."

"Anakuwerengerani pamene akuti ngakhale amene ali kale m'ndende masiku awo afufutidwa? Lemuel ali momwemo, amayi. Ikadutsa akhala zaka zina khumi ndi zinayi."

"Taona awo akugulitsa nkhanu m'mbali mwa msewu. Chaka chino zakwera mtengo, akuba okhaokha."

Nthawi zonse zinkathera pamenepo. Ukatchula Lemuel, iwo nkhanu, iwo mvula, iwo abusa atsopano amene amalalikira nthawi yaitali. Lemuel ankati amayi ake sakumvetsa, a Guidroz anawanamiza, tsiku limene adzamve bwinobwino adzasintha. Corliss nayenso ankakhulupirira zomwezo, kuti nkhalambayi ndi youma mutu komanso yapusitsidwa, ndipo n'zimene zinkamupsetsa mtima kwambiri.

"Ine ndili ndi zaka makumi anayi," anatero Corliss. "Akatuluka chaka chino mwina tikhoza kuona mwana. Akakhala zaka zinazo, ndidzabereka ndi chiyani?"

"Unali ndi zaka zonsezi zoti ukwatiwe kwina. Palibe anakumanga mwendo."

"Mwana wanu ndiye anandimanga, ndipo sindidandaula."

"Ukudandaula kuyambira pakhomo panga paja."

Corliss anatsegula wailesi mokweza. Mayi Verlene anaitseka. Corliss anaitsegulanso, ndipo anafika mu likulu wailesi ikulira, wina akuyang'ana kumanzere, wina kumanja.

Chipinda cha komiti chili pansi pa Nyumba ya Malamulo, kozizira ngati mufiriji. Pakhomo pamakhala tebulo la makadi. Wogwirizana ndi bilu amalemba dzina lake pa khadi lobiriwira, wotsutsa pa lofiira, ndipo wapampando amaitana anthu poona makadiwo. A Guidroz anali pomwepo, munthu wamtali, wa tsitsi lopesa ngati lopaka guluu, nsapato zachikopa cha ng'ona. Atangoona mayi Verlene anatambasula manja onse.

"Mayi wathu! Mayi wa chigawo chonse! Mwayenda bwanji? Wendell mwabwera naye?"

"Ali apa."

"Nanga awa?" anafunsa akuyang'ana Corliss.

"Ndi amene wandiyendetsa," anatero mayi Verlene.

Basi, wandiyendetsa. Zaka zonse zija za kuima limodzi pamzere wa kundende, kusechedwa limodzi, kuvulidwa nsapato limodzi, lero wangokhala dalaivala. A Guidroz anamupatsira khadi lobiriwira akumwetulira mano onse. Corliss analambalala dzanja lawo, n'kutola lofiira, n'kulemba dzina lake mokanikiza mpaka bolopeni inaboola. Kumwetulira kwa a Guidroz kunatsala pankhope ngati aiwala kuchotsa.

M'katimo anthu anali atakhala kale mbali ziwiri ngati paukwati wa mabanja odana. Kumanja apolisi a yunifolomu, oimira boma pa milandu, ndi mabanja a anthu ophedwa atavala malaya okhala ndi nkhope za abale awo. Kumanzere azimayi otopa, ena atabwera ndi yunifolomu ya kuntchito, akazi ndi amayi ndi alongo a akaidi. Mzimayi wina wa kumanja anayang'ana khadi la Corliss n'kunena mokweza kuti, "Akubwera kudzalirira zigawenga zawo."

"Chigawenga changa chimasambitsa anthu," anayankha Corliss. "Inu munasambitsapo ndani?"

Mlonda anawayang'ana onse awiri, ndipo anakhala pansi.

Anyamata a a Guidroz anaimika chithabwa chija kutsogolo, n'kuchotsa nsalu. Chinali chithunzi cha Wendell tsiku lomaliza sukulu ya sekondale, atavala mkanjo wabuluu, akuseka. Chithunzicho Corliss ankachidziwa kuposa wina aliyense m'chipindamo, chifukwa anajambula ndi iye mwini, kuseri kwa tchalitchi, anthu akukazinga nsomba. Panali anthu awiri pachithunzipo. Tsopano panali mmodzi. Anali atadula mbali yonse ya Lemuel n'kukulitsa Wendell mpaka kukhala wamkulu ngati chitseko. Koma wodulayo sanathe kuchotsa zonse. Pa phewa lamanzere la Wendell panatsala dzanja, zala zinayi zitagwira mkanjo, kachala kakang'ono kopindika kamene kanathyoka pa mpira kali poonekera.

Mayi Verlene ndiwo anayamba kulankhula. Banja la mwini dzina saliikira nthawi, limalankhula mpaka litatopa. Ananena za Wendell ali khanda, za ana a sukulu amene mpaka lero amabwera kudzaika maluwa pakhonde, za mmene anamugwirira mutu pamiyendo pawo magazi akulowa m'mipata ya matabwa. "Ndakolopa khonde lija ndi chilichonse chogulitsidwa m'sitolo," anatero, "koma mvula ikagwa limanunkhabe." Sananame ngakhale liwu limodzi, ndipo Corliss, amene anathandiza nawo kukolopako, analira nawo ngakhale sankafuna. Koma dzina la Lemuel silinatuluke pakamwa pawo. Aphungu ena ankapukuta m'maso, ena ankaonetsetsa kuti kamera yawaona akupukuta.

A makadi obiriwira atatha, wapampando, bambo wonenepa wa magalasi pamphuno, anayang'ana wotchi n'kunena kuti a makadi ofiira ndi ambiri, aliyense mphindi ziwiri, nyali yofiira ikayaka maikolofoni azimitsa. Analankhula mbusa wina, anamudula ali pakati pa vesi. Analankhula bambo wina amene anagwira ntchito ya ulonda kundende mpaka kupuma, nati mukachotsa masiku abwino mwachotsa chinthu chokhacho chimene chimagwira dzanja la mkaidi akakwiya, ndipo adzavulale ndi alonda. Aphungu ankayang'ana mafoni awo, wina ankasenda maswiti.

"Corliss Ardoin."

Anali atakonzekera mawu ake sabata yonse, akuyeserera pagalasi la kubafa, mawu aulemu, a zikomo wapampando, zikomo aphungu olemekezeka. Atakhala pa mpando uja n'kuona wa maswiti uja akusenda ina, mawu aulemu onse anauluka.

"Ine sindikupemphani kuti mundiyang'ane, ndaona kuti mafoni anu ndi okongola kuposa ine. Yang'anani chithunzicho. Pa phewa la Wendell pali dzanja. Mwaliona? Inu a maswiti, mwaliona?"

Mitu inadzuka. Wapampando anati, "Mayi, muzilankhula kwa ine."

"Ndikulankhula kwa inu nomwe. Dzanja limenelo lili ndi mwini wake. Dzina lake ndi Lemuel Ardoin, mchimwene wake wa Wendell, mimba imodzi. Ndi mwamuna wanga. Chithunzicho ndinajambula ndine, ndipo panali anthu awiri, wina mwamudula ndi sizasi. Dzanja limenelo lero m'mawa lasambitsa nkhalamba zimene boma lanu linaziiwala m'ndende. Mu Okutobala amayenera kukaonekera ku bodi. Lamulo limene mwalipatsa dzina la mng'ono wake limulanda masiku ake onse. Mwatenga mwana wakufa wa mayi awa kuti mukwirire naye wamoyo. A Guidroz, munapita ndi maluwa kwa mayi wosaona bwino, n'kuwawerengera zimene munafuna kuti amve. Munawauza kuti akusainira mwana wawo zaka zina khumi ndi zinayi? Munawauza?"

Nyali yofiira inayaka, maikolofoni anazima, koma m'chipindamo munali zii moti mawu ake omaliza anamveka mpaka kumbuyo. Makamera onse anatembenukira pa dzanja lija. A Guidroz khosi linafiira mpaka m'makutu, ndipo zinkaonekeratu kuti za Lemuel akuzimva koyamba. Mayina osiyana aja anawapusitsa, ndipo anyamata awo anadula chithunzi osafunsa kuti winayo ndani.

Phungu wina wachizimayi, wachikulire, amene anakhala duu m'mawa wonse, anakoka maikolofoni yake. "Wapampando, ndikupempha tisinthe mzere umodzi wokha. Lamuloli ligwire amene adzapalamule kuyambira tsopano. Amene anagwirira kale ntchito masiku awo, tiwasiyire. Boma lisalande chimene linapereka lokha."

Aphungu awiri atatu anagwedeza mitu. Ngakhale wa maswiti uja anati, "Pamenepo palibe vuto." Corliss ankaona chipinda chopenta chija, makatani, Lemuel atakhala pa tebulo akudya nyemba zofiira ndi mpunga Lolemba ngati anthu ena onse.

Wapampando anati, "A Guidroz, biluyi ndi yanu. Mukuvomera kusinthaku?"

Apa ndiye panaonekera ukathyali wa anthu amenewa. Phungu amene wabwereka dzina la wakufa sasintha bilu ndi pakamwa pake, kuopa kuti mawa adzamunena kuti anagulitsa maliro. Amaponyera banja. A Guidroz anaimirira, dzanja pachifuwa. "Wapampando, biluyi si yanga. Ndi ya Wendell, ndi ya mayi ake. Ndinawalonjeza pakhonde lawo kuti sindidzasuntha ngakhale kadontho iwo asanalole. Akati tisinthe, tisintha pompano. Akati ayi, ndiye kuti ayi."

Anthu onse anatembenukira kwa mayi Verlene. Corliss anatsala pang'ono kuseka ndi chimwemwe. Zatheka! Nkhalamba yamva tsopano ndi makutu ake, pamaso pa anthu, palibenso za nkhanu. Chatsala n'kungogwedeza mutu basi, Lemuel wapulumuka, lamulo la Wendell likhalapobe, aliyense apita kwawo ndi chake.

"Mayi Prejean," anatero wapampando mofatsa, "kodi n'zoona kuti muli ndi mwana wina kundende?"

"N'zoona."

"Mwamva zimene apempha aphunguwa. Mukalola, mwana wanuyo masiku ake sawakhudza. Tisinthe?"

Mayi Verlene anakonza chipewa chawo. Sanayang'ane Corliss, sanayang'ane chithunzi.

"Musasinthe kanthu. Isiyeni mmene ilili."

"Amayi!" Corliss anakuwa ataimirira. "Simunamve! Akuti Lemuel atuluka! Afunseninso, sanamve bwino!"

"Ndamva," anatero mayi Verlene. "Maso ndi amene anafa, makutu ali bwinobwino."

Wapampando anamenya kanyundo kake. Mlonda anagwira Corliss pamkono, iye anamukutumula, anabwera wachiwiri. Akumutulutsa anamva mlembi akuitana mayina a aphungu mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankati inde, inde, inde, ngakhale phungu wachikulire uja. Ndani akanakana mayi wa malemu atanena yekha? Ndipo aliyense wodziwa Nyumba imeneyi amadziwa kuti bilu ya dzina la wakufa ikadutsa mu komiti, kwinako imangoyenda yokha.

Corliss anakadikira ku galimoto, pansi pa nyumba yoimikamo magalimoto. Anaganiza zongonyamuka, nkhalambayo ikwere ndi a Guidroz ake. Analiza injini, anaizimitsa. Sankafuna kuchoka asanamve chifukwa. Patapita nthawi anawaona mayi Verlene akubwera okha, akupapasa zipilala, chithabwa chija akuchikoka pansi. Mayi wa chigawo chonse uja, makamera atazima, panalibe ngakhale mmodzi womunyamulira.

Sanawathandize. Mayi Verlene anavutika okha kulowetsa chithunzicho, anachimanga lamba, n'kukhala pampando wawo akupuma mwabefu.

"Tiye," anatero.

"Sitipita kulikonse. Mundiuze kaye. Munkadziwa?"

"Kuyambira tsiku loyamba."

"A Guidroz sanakunamizeni?"

"Kamnyamata kaja kangandinamize ine? Ndinakafunsa ndekha kuti, kodi ligwira ndi amene ali kale m'katimo? Kanati inde. Ndiye ndinati tenga dzinalo."

Corliss anawayang'ana kukamwa kuli yasa. "Ndinu mfiti. Mulungu andikhululukire, koma ndinu mfiti yeniyeni. Mwana wobereka nokha! Anakulakwirani chiyani? N'chifukwa choti anakuchititsani manyazi ku tchalitchi? Walipira, amayi, walipira mpaka imvi zamera!"

"Tukwana, ukamaliza undiuze."

"Sindimaliza! Mpaka mudzalowe m'manda sindidzamaliza!"

"Ndiye tamvera uli chitukwanire." Mayi Verlene anatembenuka, maso awo otuwa aja ali pa Corliss. "Ndinabereka anyamata awiri. Wina sanagwirepo mfuti, sanapondepo pa bala, ankagona nkhuku zisanalowe. Ameneyo ndinamusiya panja, ndipo anamuphera pakhonde panga ndikutenthetsa khofi. Winayo, wa mfuti, wa anzake oipa, boma linanditsekera. Lamlungu lililonse ndimamupeza. Wanenepa. Amandigwira dzanja, amandifunsa za shuga wanga. Zaka zonsezi palibe wapolisi anabwerapo pakhomo panga chipewa chili m'manja kudzandiuza kuti Lemuel wafa. Ndiye iwe ukufuna umutulutse, umubweretse m'misewu yomweyi? Anzake aja akadali pompano. Ntchito sadzaipeza, ndani alemba munthu wa mlandu wa mfuti? Adzayamba kuyendayenda, ndipo tsiku lina foni idzalira."

"Ndiye mwati afere m'ndende?"

"Safa. Ndifa ndine. Zaka khumi ndi zinayi ine sindifika, dokotala anandiuza kale. Ndikadzapita udzamutenge, udzachite naye zimene ukufuna. Koma ine sindiikanso mwana wina m'manda. Ndinaika mmodzi, zakwana."

"Si mbuzi yanu yoti muziimangirira pamtengo kuti isagundidwe ndi galimoto! Ndi munthu! Ndi mwamuna wanga!"

"Anali mwana wanga iwe usanamudziwe."

"Nanga ena aja? Azimayi onse aja a makadi ofiira, amuna awo, ana awo? Nawonso mwawatsekera!"

"Amenewo ali ndi amayi awo. Ine ndimayang'ana wanga."

Corliss anagwira chiwongolero ndi manja onse kuti asachite chinthu choti n'kumupititsa nayenso kundende. Chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti mpeniwo anaupereka yekha. Akanakhala chete, mwina biluyo ikanadutsabe, koma Lemuel akanapitiriza kunena kuti amayi sanamvetse. Iye ndi pakamwa pake anakankha mpaka aphungu anaika moyo wa Lemuel m'manja mwa mayi ake, anthu onse akuona. Ankadana nawo mayi amenewa, chidani chenicheni, ndipo chinkamunyansa kwambiri n'chakuti misozi imene inkatsika pansi pa chipewa chija sinali yonamizira.

Foni inalira m'chikwama. Inali nambala ya kundende. Lemuel anali atanena kuti apempha kapitawo wa wodi amulole kuimba masana kuti amve mmene zayendera. Corliss anaitulutsa, anamva mawu a makina aja onena kuti mkaidi akufuna kulankhula nanu, dinani wani ngati mukulola. Anadina, anakweza mawu kuti onse azimva, n'kuiponya pamiyendo pa apongozi ake.

"Muuzeni nokha."

"Halo? Corliss?" Mawu a Lemuel anadzaza galimoto, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la zitseko ndi anthu. "Mwatuluka? Amayi ali pompo?"

Mayi Verlene anatola foniyo, anapukuta m'maso ndi chala, mawu awo n'kusintha kukhala ofewa ngati akunyengerera khanda.

"Ndili pano, mwana wanga. Wadya chiyani lero?"

"Aa, amayi, za kudya zisiyeni! Zayenda bwanji? Corliss walankhula? Mwamva tsopano mmene ilili biluyo?"

"Walankhula. Ndamva zonse."

"Ndiye zatha bwanji?"

"Zatha bwino, mwana wanga. Zatha bwino kwambiri. Ndibwera Lamlungu."

Lemuel anakuwa. Anamumva akuchotsa foni pakamwa n'kuuza anzake a pamzere kuti, "Amayi akonza! Ndinakuuzani ine kuti amayi anga akangomva akonza!" Ndipo kumbuyoko amuna ena anayamba kuimba mluzu ndi kumenya khoma, amuna amene nawonso ankawerengera masiku awo abwino.

"Mundipatse Corliss," anatero Lemuel akuseka. "Corliss! Ugule makatani aja, wamva?"

Corliss anatambasula dzanja kuti atenge foni. Mayi Verlene anaikanikiza pachifuwa ndi manja onse awiri, osaisiya.